Ofesi yasamukira kutali: ndigulitse galimoto n'kumakwera basi, kapena ndipirire?

MlembiWotopa:
Abale anga, ndithandizeni nzeru, poti safunsa anadya phula. Ofesi yathu yasamukira tsidya lina la mzinda. Kale ndinkayenda makilomita 6, pano ndi 18 kupita kokha. Ndili ndi kagalimoto kanga ka zaka 14, ndipo mwezi wathawu ndalama za mafuta nditaziwonkhetsa pa pepala mutu unachita kuwawa. M'mawa ndimatha mphindi 45 pamsewu, madzulo ola n'kupitirira, phazi lili pa klatchi mpaka bondo kuchita dzanzi. Basi ilipo, siteji ili pa mtunda wa mphindi 10 kuchokera pakhomo, koma chiyambire kuyendetsa sindinaikwerepo. Vuto lina n'lakuti Lachiwiri ndi Lachinayi ndine ndimakatenga mwana ku sukulu ya mkaka, ndipo amatseka 5:30. Amene mwalawako zonse ziwiri, ndiuzeni zoona. Ndigulitse, kapena ndipirire?

Giya5:
Achemwali musayerekeze dala. Munthu ukazolowera kutseka chitseko chako, kuyatsa wailesi yako, kunyamuka nthawi imene wafuna, sungabwererenso kukaima padzuwa kudikira chinthu chosadziwika kuti chibwera liti. Mafuta adule bwanji, ine chiwongolero sindisiya.

MphunzitsiWaMasamu:
Tisanayambe kukangana, tiyeni tiwerengere kaye. Makilomita 36 patsiku, masiku a ntchito 22 pamwezi, ndiye kuti makilomita 792, tingoti 800. Galimoto yaing'ono yakale ikamayenda moima-ima ingathe kumwa malita 10 pa makilomita 100 alionse. Ndiye kuti malita 80 pamwezi, a ku ntchito okha. Amayi, malisiti anu akusonyeza zoyandikira pamenepo?

MlembiWotopa:
Aphunzitsi mwachita ngati munali nane pothira. Anali malita 84, kuphatikizapo maulendo awiri a Loweruka.

MphunzitsiWaMasamu:
Eya. Tsono apa ndi pamene ambirife timadzinamiza. Timayerekeza mafuta ndi mtengo wa tikiti, n'kutha. Koma galimoto ili ndi matumba awiri amene imadya. Thumba loyamba limatha malinga ndi mtunda: mafuta, matayala, oyilo, mabuleki, klatchi. Mukaimika galimoto, thumba limeneli limapuma. Thumba lachiwiri silipuma ngakhale galimoto igone pakhomo mwezi wathunthu: inshuwalansi, msonkho wa pamsewu, ngongole ngati munaigula pa ngongole, ndiponso kutsika kwa mtengo wake chaka ndi chaka. Ndiye funso lanu si limodzi, ndi awiri. Mukasunga galimoto n'kumakwera basi, mwapulumutsa thumba loyamba lokha. Mukagulitsa, mwapulumutsa onse awiri, koma Lachiwiri ndi Lachinayi mwana amutenga ndani?

Makaniko_Wanu:
Aphunzitsi anena zenizeni, ine ndingoonjezera za m'galaja. Anthu amaganiza kuti galimoto imatha ndi ulendo wautali. Ayi. Imatha ndi kuthithikana kwa m'tauni. Giya wani, buleki, giya wani, buleki, kwa ola lathunthu. Sabata yathayi ndinamasula mabuleki a galimoto ya kasitomala wina amene amangoyenda kunyumba ndi ku ofesi. Mapadi anali atapyapyala ngati chikhadabo, chitsulo chayamba kukanda chinzake, pomwe makilomita pa mita ndi ochepa. Ndinamuonetsa m'manja, anangoti kukamwa yasaa. Klatchi nayo ndi chimodzimodzi, makamaka kwa amene mumagwira galimoto pa mtunda ndi klatchi m'malo mokoka handibuleki. Mayi, bondo likamachita dzanzi dziwani kuti klatchi nayo ikulira, kungoti ilibe pakamwa.

Giya5:
Madala, inu mukufuna tisiye kuyendetsa ndiye mudya chiyani? kkkk

Makaniko_Wanu:
Mwana iwe, galimoto yongokhala imandibweretsera ndalama kuposa yoyenda. Batire limafa, matayala amaphwa n'kuuma, mabuleki amachita dzimbiri. Njala sindingafe nayo.

NesiWausiku:
Ine ndiyankhule mbali ina, chifukwa nkhani za basi zimakoma kwa amene mumaweruka dzuwa lili pamwamba. Ndinakwera basi zaka zinayi ndisanagule galimoto. Masana ndinalibe nayo vuto. Koma shifiti ikatha usiku, mabasi amakhala atachepa, ndipo ukaphonya imodzi udikira mpaka miyendo kuzizira. Ndiye pali kamtunda kaja kochoka pa siteji kufika pakhomo. Masana ndi mphindi 10, usiku ndi ulendo. Ndinkabisa foni m'sokosi, makiyi ndili nawo m'manja, khutu lili kumbuyo. Tsiku lina ndinamva mapazi akunditsatira, ndikafulumira nawonso akufulumira. Ndinakhotera pa geti ya nyumba ya eni ake n'kuyamba kugogoda ngati ndi kwathu. Munthu uja anadutsa osatembenuka. Mwina analibe cholinga choipa, sindikudziwa, koma mwezi womwewo ndinayamba kusunga ndalama za galimoto. Aphunzitsi, mantha amenewo mumawaika m'thumba liti?

MphunzitsiWaMasamu:
Alibe thumba, anesi, ndavomera. Masamu anga ndi a munthu woweruka kukuwala.

MakeMapasa:
Anesi mwandilankhulira. Onjezanipo kuthinana. Basi ikadzaza pamakhala amuna ena opanda khalidwe amene amapezerapo mwayi wokukhudza, ukatembenuka aliyense akuyang'ana pawindo ngati sakudziwa kanthu. Ndiye yesani kukwera ndi ana awiri, chikwama cha matewera, wina akulira, wina wagona. Ine basi ndimaikonda ndikakhala ndekha. Ndi ana, ayi ndithu.

DalaivalaWopuma:
Ana anga, ndayendetsa basi zaka 27 ndisanapume, ndiye mundilole ndiyankhe ziwiri zitatu. Za amuna opanda ulemu, mwana wanga, musamakhale chete. Lankhulani mokweza, dalaivala amve. Ine ndatsitsapo anthu pakati pa ulendo chifukwa cha zimenezo, ndipo okwera ena amakhala kumbali yako ukangoyamba iwe.

Tsopano za kuchedwa. Anthu amatitukwana kuti mwadikira theka la ola kenako mabasi atatu afika limodzi ngati akupita ku ukwati. Amaganiza kuti tinali kocheza. Imvani mmene zimakhalira. Ine ndanyamuka pa nthawi yake, mnzanga anyamuka mphindi 10 pambuyo panga. Pa siteji yachitatu gogo wina akukwera pang'onopang'ono, wina akufufuza tikiti m'chikwama, ndataya mphindi ziwiri. Pa siteji yotsatira ndipeza anthu a mphindi 12 m'malo mwa a mphindi 10. Anthu ambiri, kukwera kutalika, ndatayanso ina. Mnzanga wa kumbuyo uja akafika pa siteji yomweyo apeza anthu ochepa, chifukwa ndangowasesa kumene, ndiye iye akungouluka. Pofika pakati pa ulendo ndimamuona pagalasi, ali kumbuyo kwanga, basi yake yopanda anthu, yanga yodzaza mpaka pakhomo. Palibe walakwa. Kachedwa kakang'ono kamabereka kachedwa kanzake.

MlembiWotopa:
Agogo, zikomo. Zimenezi sindinaziganizirepo. Ndiye ndikaona awiri atsatana, ndikwere wa kumbuyo?

DalaivalaWopuma:
Mukaiona ndi maso, kwerani ya kumbuyo, mukhala pampando. Mukangomva kuti "ina ikubwera" koma simukuiona, kwerani imene yaima. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

WaMapulaniAMizinda:
Agogo afotokoza bwino kuposa mabuku athu a ku koleji. Ine ndikuphunzira za kakonzedwe ka mizinda, ndipo ndikufuna a MlembiWotopa ayankhe funso limodzi lokha, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo: basi yanuyo imabwera pakapita mphindi zingati? Ikamabwera mphindi 10 zilizonse, simufunika kuloweza ndandanda. Mungotuluka, ndipo kawirikawiri mudikira pafupifupi mphindi 5. Ikamabwera mphindi 40 zilizonse, moyo wanu wonse uyenera kuzungulira pa wotchi ya basiyo, ndipo tsiku limene mwana wataya nsapato m'mawa, mwachedwa ndi mphindi 40, osati ziwiri. Basi ya mphindi 10 ndi basi ya mphindi 40 zimangofanana dzina.

Chachiwiri, kodi ili ndi mzere wakewake pamsewu? Ngati ilibe, imaima pa kuthithikana komweko kumene galimoto yanu imaima, kuonjezapo masiteji. Pamenepo singapambane galimoto pa liwiro. Mzinda wa Curitiba ku Brazil unaona zimenezi kale. Mu 1974, meya wake Jaime Lerner ali pampando, anapatula mizere ya pakati pa misewu ikuluikulu kuti ikhale ya mabasi okha. Pambuyo pake anamanga masiteji oti munthu amalipiriratu asanakwere, ndipo pansi pa siteji m'pofanana msinkhu ndi pansi pa basi, moti anthu amangolowa ngati akulowa m'chipinda. Vuto lija agogo anena, la munthu wofufuza tikiti pakhomo, linachepa. Mzinda wa Bogotá ku Colombia unatengera nzeruyi mu 2000 ndi TransMilenio, Johannesburg mu 2009 ndi Rea Vaya, Dar es Salaam mu 2016.

MlembiWotopa:
Ndafunsa mnzanga amene amaikwera. Akuti m'mawa ndi madzulo imabwera pafupifupi mphindi 12 zilizonse, masana imachepa. Mzere wake ili nawo pa chigawo chimodzi chokha, chapakatikati, pamene pamadzadza kwambiri.

WaMapulaniAMizinda:
Ndiye muli ndi mwayi, achemwali. Chigawo chimenecho ndiye chofunika.

Giya5:
Mizere ya mabasi imeneyo ndi imene imandipsetsa mtima. Ife taima, mzere wonse uli mbee wopanda kanthu, kudikira basi imodzi. Bwanji osangokulitsa msewu tonse tiziyenda?

WaMapulaniAMizinda:
Achimwene, mzerewo umaoneka wopanda kanthu chifukwa choti ukuyenda. Wanuwo umaoneka wodzadza chifukwa waima. Mawa mukaima pa maloboti muwerenge mitu ya anthu, osati magalimoto. Magalimoto ambiri a m'mawa amakhala ndi munthu mmodzi kapena awiri. Basi imodzi ya mamita 12 imatha kunyamula anthu 70 kapena kuposa, kuphatikiza oimirira. Anthu amenewo mutawapatsa aliyense galimoto yake, mzere wake ungafike kuti?

Za kukulitsa msewu, anayesa kale ena a ndalama zambiri. Ku Houston, ku America, kuli msewu wotchedwa Katy Freeway. Anaukulitsa, ntchito inatha mu 2008, moti malo ena uli ndi mizere yofika 26 mukawerengera ndi ya m'mbali. Patangopita zaka zochepa, nthawi ya ulendo pa maola otanganidwa inayambanso kukwera. Chifukwa chake n'chosavuta. Msewu ukamasuka, amene ankanyamuka m'bandakucha kuthawa kuthithikana amayamba kunyamuka mochedwerapo, amene ankakwera basi amatulutsa galimoto, ena amakamanga nyumba kutali poti msewu ulipo. Umadzazanso. Katswiri wina wa zachuma, Anthony Downs, analemba za khalidwe limeneli mu 1962.

Giya5:
Ndiye mukuti tonse tikhale osauka tizithinana m'basi? Anthu ophunziranu mumadana ndi aliyense amene wagula kanthu kake.

WaMapulaniAMizinda:
Sindinatchule za usauka. Ndipo inu amene simudzasiya chiwongolero ndi amene muyenera kupempherera basi kuposa tonse. Aliyense amene ali m'basi ndi galimoto imodzi yochotsedwa patsogolo panu.

WoyendetsaGulu:
Achimwene awirinu, tsitsani mawu pang'ono. Mayi afunsa za ulendo wawo wa ku ntchito, osati za amene ali ndi chuma.

MphunzitsiWaMasamu:
Koma mfundo ya a Giya5 tisaitaye, chifukwa ili m'mitima ya ambiri ngakhale sanena. Anthu ena sakwera basi osati chifukwa cha nthawi kapena ndalama, koma manyazi. Anzanga ku ntchito aziti chiyani, aziti zandivuta. Ine nditaimika galimoto chaka chatha, mphunzitsi mnzanga anandikokera pambali n'kundifunsa monong'ona ngati kunyumba kuli bwino. Ndinaseka, koma zinandikhudza. Chodabwitsa, m'mizinda ngati London kapena Singapore, munthu wa suti ndi wosesa mu ofesi amakhala mpando umodzi m'basi, palibe amaona chachilendo. Kumeneko anayamba kalekale kulipiritsa olowa ndi galimoto pakati pa mzinda. Singapore inayamba zimenezi mu 1975, London mu 2003. Mzinda wa Stockholm ku Sweden unayesa kaye kwa miyezi ingapo mu 2006, magalimoto olowa pakati pa mzinda anachepa ndi pafupifupi limodzi mwa magawo asanu, anthu anavota, ndipo mu 2007 lamulolo linakhazikika.

MakeMapasa:
Aphunzitsi, bwanji osangopanga basi kukhala yaulere m'malo molanga a magalimoto?

WaMapulaniAMizinda:
Ena anatero. Tallinn, likulu la Estonia, inachotsa malipiro kwa nzika za mumzindamo mu 2013. Luxembourg inachita dziko lonse mu 2020. Zimathandiza matumba a anthu, makamaka opeza zochepa, koma magalimoto sanathe pamsewu. Munthu amene ali ndi galimoto kale sikuti amakana basi chifukwa cha tikiti. Amakana chifukwa sakudziwa kuti afika nthawi yanji. Mupatseni basi yodalirika, alipira mosanyinyirika.

DalaivalaWopuma:
Pamenepo mwana wanga wakhudza mtima wa ntchito yathu. Wokwera amakhululuka basi yakale, mipando yong'ambika, ngakhale dalaivala wa nkhope yolusa ngati ine. Chimene sakhululuka ndi kusadziwa. Muuzeni kuti ifika 6:40, ifikedi 6:40, adzakukondani.

MphunzitsiWaMasamu:
Agogo, nzeru imeneyo ndi yakale kuposa injini. Mu 1662 ku Paris, katswiri wa masamu Blaise Pascal (mnzanga wa ntchito, ngakhale sitinaonane kkkk) anayambitsa ngolo zokokedwa ndi akavalo zoyenda njira yodziwika, pa mtengo wodziwika, pa nthawi yoikika, kaya zadzaza kaya zilibe munthu. Mawu oti basi nawonso anachokera ku mawu a Chilatini akuti omnibus, kutanthauza kuti ya onse.

Giya5:
Ine ndimayesa amati basi chifukwa ukaikwera kamodzi umati "basi, zakwana" kkkkk

MlembiWotopa:
Kkkk achimwene inu mwandiseketsa mu ofesi, abwana mpaka atembenuka.

WoyendaNdiNdodo:
Ndakhala ndikuwerenga chete. Ndinavulala mwendo pa ngozi zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndimayenda ndi ndodo, ndipo kuyendetsa galimoto ya klatchi sindingathenso. Kwa ine nkhani si yosankha. Basi ndiyo miyendo yanga. Ndiye ndikamamva anthu akuti basi ndi ya amene alephera, ndimangoti sanakumane nazo. Ganizirani amene sangayendetse: ana a sukulu, okalamba amene maso achita mdima, odwala khunyu, akhungu, ndi ife. Ndife ambiri. Vuto langa ndi sitepe ya pakhomo. Mabasi ena ndi otsika pansi, ndimangolowa. Ena sitepe yake ili m'mwamba, ndimayamba ndaponya ndodo m'kati, kugwira chitsulo ndi manja awiri, kudzikoka, anthu kumbuyo akupumira m'khosi. Ndiye dalaivala wina amanyamuka ndisanakhale pansi. Agogo, anzanu aja muziwauza.

DalaivalaWopuma:
Pepani bambo. Ameneyo ndi dalaivala amene akuthamangitsidwa ndi wotchi, koma si chifukwa chokwanira. Ife tinkaphunzitsidwa kuyang'ana pagalasi la m'kati mpaka wokalamba kapena wolumala akhale. Masekondi khumi sagwetsa kampani.

NesiWausiku:
Poti bambo atchula ngozi, ndinenepo za kumene ndimagwira. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse padziko lonse, ndipo kwa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 ngozi zimenezi ndizo zikupha kwambiri kuposa china chilichonse. Oposa theka la omwalirawo ndi oyenda pansi, a njinga zakapalasa ndi a njinga zamoto. Ine ndinagula galimoto pothawa mdima wa pa siteji, koma ndikuuzeni chilungamo, ndinangosintha mtundu wa ngozi. Ndikaweruka m'mawa nditagwira usiku wonse, maso amalemera. Tsiku lina ndinadzidzimuka ndi hutala ya galimoto ya kumbuyo, maloboti atasintha kalekale, ine nditatsamira chiwongolero. Mwayi wake ndinali nditaima. M'basi ukasinza choipa kwambiri ndi kupitirira siteji yako. Masiku ano ndikatopa chonchi galimoto ndimaisiya ku ntchito, ndikwere basi ya m'mawa, ndidzaitenge madzulo.

Makaniko_Wanu:
Anesi mwachita bwino. Galimoto zambiri zimene zimabwera kwanga zitaphwanyika kutsogolo, mwini wake amati "ndinangoyang'ana foni kamodzi" kapena "sindikudziwa chinachitika n'chiyani". Ndipo achinyamata ngati a Giya5 amve ichi: liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woti mabuleki aimitse galimoto umawirikiza kanayi. Kuthamanga sikufika.

Giya5:
Madala mwandiyamba dala lero. Ine ndimamanga lamba, foni ndimaika m'thumba. Dzinali ndi dzina chabe.

MakeMapasa:
Tibwerere kwa mwana uja, chifukwa abambo mwapita ku Brazil ndi ku Paris mwaiwala kuti sukulu imatseka 5:30. Sisi, basi ndi yabwino pa ulendo wa mzere umodzi: kunyumba, ku ntchito, kunyumba. Ulendo wa mayi sukhala wotero. Uchoke ku ntchito, utenge mwana, udutse kogula zofunika pakhomo, mwina ku famase, kenako kunyumba. Pa galimoto ndi ulendo umodzi. Pa basi ndi maulendo atatu, kudikira katatu, mwina kulipiranso katatu. Ndiye tsiku limene aphunzitsi aimba 11 koloko kuti mwana watentha thupi bwerani, nthawi imene mabasi achepa, mudzaifuna galimoto ija ndi misozi. Ine ndikuti musagulitse msanga. Mwana akule kaye.

MphunzitsiWaMasamu:
Ndikugwirizana ndi amake mapasa. Ndipo palibe lamulo loti musankhe chimodzi sabata yonse. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu kwerani basi. Lachiwiri ndi Lachinayi yendetsani. Makilomita a ku ntchito atsika kuchoka pa 800 kufika pafupifupi 320 pamwezi, mafuta kuchoka pa malita 80 kufika cha m'ma 32. Chotsani matikiti pa ndalama mwapulumutsazo muone chotsala. Kwa amene amasamala za utsi, lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa pafupifupi makilogalamu 2.3 a mpweya wa carbon dioxide, ndiye malita 48 amenewo ndi makilogalamu oposa 100 pamwezi. Chenjezo limodzi: funsani ngati tikiti ya mwezi wathunthu ingakupindulireni pa masiku atatu okha pa sabata. Nthawi zambiri imakhala yotchipa kwa wokwera tsiku lililonse.

Makaniko_Wanu:
Dongosolo limenelo galimoto imalikonda. Kawiri pa sabata, makilomita 18, injini imatentha bwino, batire limadzaza. Choipa ndi kuiimika mwezi wonse, kapena kumangoiyendetsa kamtunda ka mphindi zitatu injini isanatenthe.

WaMapulaniAMizinda:
Njira inanso: fufuzani ngati pali malo otetezeka oimikapo galimoto pafupi ndi pamene mzere wa mabasi ukuyambira. Muyendetse mbali imene msewu uli womasuka, mukwere basi pa mbali yothithikana. Ngati sukulu ya mwana ili mbali ya kunyumba, zingathandize ngakhale Lachiwiri ndi Lachinayi.

MlembiWotopa:
Zikomo nonse. Ndiyesa za aphunzitsi kwa masabata awiri ndidzakuuzani.

MlembiWotopa:
Ndabwera ndi lipoti monga ndinalonjezera. Masiku a basi anali asanu ndi limodzi.

Tsiku loyamba ndinavala nsapato za gogoda. Mphindi 10 zija zinasanduka 20, ndinafika pa siteji chidendene chitatupa. Kuyambira tsiku lachiwiri nsapato za ofesi zimagona m'dirowa ku ntchito, ndimayenda ndi zafulati.

M'mawa basi imanditengera ola ndi mphindi 5 kuchokera pakhomo mpaka pa desiki, pomwe galimoto ndi mphindi 45. Pamenepo ndaluza. Madzulo zinandidabwitsa. Titafika pa chigawo chija cha mzere wa mabasi, ndinali pawindo ndikuyang'ana magalimoto ataima ndii, ife tikudutsa. Ndinaona mayi wina m'galimoto yofiira atagwira chiwongolero ndi dzanja limodzi, lina akusisita bondo, ndinangoti uyo ndine Lachiwiri. Ndinafika pakhomo pafupifupi nthawi yofanana ndi ya galimoto, tsiku lina ndinafulumirako ndi mphindi 10.

Zoipa zinaliponso. Lachitatu la sabata yachiwiri kunagwa chimvula, ambulera ndinaiwala, mabasi awiri anadutsa odzaza osaima, ndinalowa mu msonkhano mochedwa ndi mphindi 25 siketi ikudontha madzi. Abwana sanalankhule, anangoyang'ana wotchi, zomwe zinawawa kuposa kukalipa. Masiku awiri ndinaimirira ulendo wonse, chikwama ndachikumbatira pachifuwa. Ndipo Lachisanu ndinagona, ndinadzuka nditapitirira masiteji atatu. Anesi munaneneratu.

Chimene sindinayembekezere ndi ichi. Masiku a basi ndimafika pakhomo ndili ndi mphamvu zocheza ndi mwana. Masiku a galimoto ndimafika nditakwiya ndi anthu amene sindikuwadziwa n'komwe, wina wandilowerera, wina wandiimbira hutala. Bambo a kunyumba ndi amene anayamba kuzindikira, akuti masiku ena ndimalowa ndikuimba. Kabuku kamene kanakhala pa tebulo chaka chathunthu ndafika nako pakati. Mafuta ndathira kamodzi kokha m'masabata awiriwa.

Kugulitsa sindinaganize. Inshuwalansi ikutha miyezi inayi ikubwerayi, ndidzaona pamenepo. Malo oimikapo galimoto amene munanena a WaMapulani ndawapeza, koma amatseka geti 6 koloko, ndiye ndikufunsabe.

DalaivalaWopuma:
Mwana wanga, kaambulera kakang'ono kopinda kazikhala m'chikwama chaka chonse. Ndipo tsiku la msonkhano kwerani basi imodzi patsogolo pa imene mumakwera masiku onse. Mvula ikagwa aliyense amathamangira basi, ngakhale aja amayenda pansi.

WoyendaNdiNdodo:
Takulandirani kwathu kuno, mayi. Mukaona wa ndodo waimirira, mpando uja mukumbuke.

MlembiWotopa:
Ndamva bambo, ndipo ndachita kale kawiri.

Giya5:
Ine maganizo sindinasinthe. Koma achemwali, miyezi inayiyo ikakwana n'kuganiza zogulitsa, mundiuze ine poyamba. Mng'ono wanga akufuna kagalimoto koyambira. Klatchi yake ili bwanji?

Makaniko_Wanu:
Zaka 14, m'tauni, mwini wake bondo likuchita dzanzi. Ubwere nayo kuno ndiione kaye usanapereke ndalama.